Wogula Nyumba ku Nkhotakota Ayambe Wafunsa za Madzi

Chaka ndi chaka anthu ochuluka amafunafuna nyumba kapena malo omangapo m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota. Ena ndi aphunzitsi, apolisi ndi anamwino amene apuma pa ntchito ndipo alandira ndalama zawo zopumira. Ena ndi amalonda a usipa ndi mpunga amene afuna kukhala pafupi ndi madoko ndiponso msewu wa M5. Enanso ndi ana a komweko amene ali pa ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, ndipo amatumiza ndalama kwa abale kuti awagulire nyumba imene iwo eni angoiona pa chithunzi cha m'foni. Pa kalembera wa mu 2018 bomali lidapezeka ndi anthu oposa 390,000, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'chigwa chopapatiza cha pakati pa nyanja ndi nkhalango ya kumadzulo. Motero malo okwera ndi ouma akucheperachepera, ndipo amene akutsatsidwa kaŵirikaŵiri ndi aja amene makolo adawaleka dala.

Munthu akamagula nyumba amafunsa mtengo, amaŵerenga zipinda, amayang'ana malata, nafunsanso ngati magetsi alipo. Zonsezi n'zofunika, koma si zimene zimasunga moyo wa banja. Ku nyanja, chimene chimalamula ngati ana adzakula athanzi kapena adzakhalira kugonekedwa m'chipatala ndi madzi: pamene amaima m'dzinja, pamene amatungidwa, ndi kumene amapita akachoka m'chimbudzi ndi m'bafa. Khoma long'aluka limamangidwanso, denga lodontha limafoleredwa, koma malo sasunthika. Wogula nyumba amaigula pamodzi ndi dothi lake, dambo lake ndi udzudzu wake.

Nyumba Ionedwe Kaŵiri

Anthu amakonda kugula nyumba m'chilimwe, pamene agulitsa zokolola ndipo misewu ikupitika bwino. Iyi ndi nthaŵi imene malo alionse a ku nyanja amakopa maso: mchenga uli mbee, pabwalo pauma, madambo aphwa, nyanja nayo yabwerera kutali. Koma Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malaŵi muno. Pa boma penipeni pamagwa mvula ya pafupifupi mamilimita 1,500 pa chaka, pamene ya ku Lilongwe siifika ndi 1,000 pomwe. Bwalo limene linali la fumbi mu Okutobala likhoza kukhala dziŵe la achule mu Malichi.

Chifukwa cha ichi nyumba iyenera kuonedwa kaŵiri: koyamba m'chilimwe, kachiŵiri pakati pa Febuluwale ndi Epulo, makamaka m'maŵa mvula itagwa usiku wonse. Ngati wogulitsa akuumiriza kuti ndalama ziperekedwe mvula isanayambe, wogula adzifunse chimene chikumufulumizitsa. Wokhala kutali amene sangathe kubwera yekha atume mbale wokhulupirika amene sadyapo kanthu pa malondawo.

Ngakhale m'chilimwe momwe, malo amadziulula okha kwa munthu wodekha. Mzere wakuda kapena woyezuka m'munsi mwa khoma umasonyeza pamene madzi kapena chinyontho chidalekeza. Pulasitala wofumbutuka, zitseko zotupa kunsi ndi fungo la chuku m'zipinda zimanena zomwezo. Utoto watsopano wopakidwa m'munsi mokha mwa khoma uyenera kukayikitsa. Dothi lakuda la makande long'ambika ming'alu ndi dothi la dambo, ngakhale litauma chotani, ndipo bango, gumbwa ndi nsenjere sizimera pamalo posoŵa madzi. Wogula ayang'anenso nyumba za anansi: ngati onse adakweza maziko kufika m'mawondo, adali ndi chifukwa.

Nyanja Imabwerera Pamene Idachoka

Nyanja ya Malaŵi siikhala pa msinkhu umodzi. Chaka chilichonse imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi. Imadzaza kwambiri mu Epulo ndi Meyi, mvula itayamba kale kukata, ndipo imatsika kwambiri mu Novembala ndi Disembala. Pa gombe lathyathyathya, madzi akakwera mita imodzi amaloŵa kumtunda mtunda wautali ndithu.

Palinso kukwera ndi kutsika kumene kumatenga zaka zambiri, ndipo uku ndiko kumapusitsa anthu. Kuyambira mu 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja idatsika kotero kuti madzi adaleka kutuluka kupita mu mtsinje wa Shire. Mu 1980 idakwera kufika mamita 477 pamwamba pa nyanja zamchere. Pambuyo pake padadza zaka zambiri zimene idakhala yotsika, ndipo anthu adamanga pa mchenga umene nyanja idausiya, poganiza kuti yapita osadzabweranso. Mu 2024 madzi adakweranso kupitirira mamita 476, ndipo nyumba, minda ndi malo ogona alendo zidamira m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo Nkhotakota. N'chifukwa chake bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority limachenjeza kuti anthu asamange kunsi kwa mzere wa mamita 477.

Munthu wamba alibe chida choyezera mzere umenewu, koma m'mudzi uliwonse wa ku nyanja muli anthu amene adauona ndi maso. Wogula akhale pansi ndi nkhalamba ndi asodzi akale, awafunse mwaulemu kuti: "Agogo, chaka chija nyanja idadzaza kwambiri, madzi adalekeza pati?" Iwo adzaloza mtengo, chulu kapena mwala. Mitengo ikuluikulu ya mango, manda akale ndi mabwinja a makolo ndi mboni zinanso, pakuti makolo sankaika maliro kapena kumanga mudzi pamalo omira. Afunsenso za mafunde a mwera, mphepo ya kumwera imene imaomba m'miyezi yozizira, chifukwa pali magombe amene amadyeka chaka ndi chaka mpaka madzi kufika pa khonde.

Mitsinje Yochokera Kumtunda

Si nyanja yokha imene imamiza nyumba. Mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Kaombe, ndiponso Lifuliza ndi Likoa imene imathira m'nyanja ya Chia, imatsika kuchokera kumtunda n'kudzafika m'chigwa mmene madzi amasoŵa kothaŵira. Bua amachokera ku Mchinji, Dwangwa ku Kasungu. Motero mtsinje ukhoza kusefukira usiku ngakhale pamudzipo sipadagwe ndi dontho lomwe.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mitsinje ya m'bomali, makamaka Dwangwa, idasefukira pambuyo pa mvula yamphamvu. Anthu oposa 14,000 adakhudzidwa, ena adataya miyoyo, ambiri adakhala m'misasa, ndipo msewu wa M5 udaduka kotero kuti chithandizo chinkafika kwa ena pa maboti. Dera la Mfumu Kanyenda ndi limodzi mwa amene adavutika koposa. Wofuna nyumba pafupi ndi mtsinje uliwonse afunse pamene madzi a chaka chimenecho adafika. Ku ofesi ya DC kuli anthu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amene amadziŵa midzi imene imamira kaŵirikaŵiri.

Funso la mitsinje likhudzanso njira ya ku chipatala. Sikokwanira kudziŵa kuti chipatala chachikulu cha boma, chipatala cha St Anne's, kapena zipatala za Nkhunga, Ngala, Benga ndi Dwambazi zili pa mtunda wakutiwakuti. Chofunika n'chakuti: kodi mayi woyembekezera kapena mwana wokomoka ndi malungo angafikeko usiku wa mu Malichi? Pali mitsinje ingati yooloka, ndipo ili ndi milatho kapena ai?

Chimbudzi ndi Chitsime

Wogula wanzeru amapempha kuona chimbudzi asanaone chipinda chochezera. Pafupi ndi nyanja madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri, ndipo dzenje lokumbidwa mu mchenga limagumuka mvula ikalimba. Chimbudzi chikagwa m'dzinja, banja limayamba kupita kutchire kapena kunyanja, ndipo iyi ndi nthaŵi yomweyo imene matenda otsekula m'mimba amabuka.

Ayang'ane ngati dzenjelo adalimangira njerwa m'kati kuyambira pansi, ngati pamwamba pali simenti yotsukika ndi chivundikiro, ndiponso ngati pali posambira m'manja. Afunse kuti chimbudzi chakumbidwa kangati pa zaka zisanu zapitazi, ndi ngati chimadzaza madzi mu Malichi. Aone ngati patsala malo okumbapo china. Malangizo a zaukhondo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, chikhale kunsi kwa chitsime osati kumtunda kwake, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a m'nthaka. Pamene madzi ali pafupi koposa apo, chimbudzi chiyenera kumangidwa chokwera, ndipo ndalama zake ziŵerengedwe pamodzi ndi mtengo wa nyumba. Poyeza mtundawu zimbudzi za anansi ziŵerengedwenso, chifukwa madzi a pansi sadziŵa malire a puloti.

Kufunika kwa zimenezi kudaoneka pa mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka mu 2023. Udafika m'maboma onse, udagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja adali m'gulu la okanthidwa kwambiri. Nyumba yoyandikana ndi doko la asodzi ndi yabwino pa malonda, koma wogula aone ngati padokopo pali zimbudzi zokwanira khamu limene limasonkhanapo nthaŵi ya usipa.

Za madzi akumwa, pa boma ndi pa Dwangwa pali mipopi ya Central Region Water Board. Mpopi pabwalo si umboni wakuti madzi amatuluka. Amayi a nyumba zoyandikana ndiwo angathe kunena masiku amene umatuluka ndi kumene amatunga ukauma. Ngongole ya madzi ndi ya magetsi imene mwini nyumba wasiya idziŵike malonda asanathe. Kumene anthu amadalira mjigo, wogula afunse ngati uli ndi komiti yoona zokonza, ngati umaphwa mu Okutobala, ndiponso alaŵe madziwo ngati ali a mchere kapena a dzimbiri.

Pali chinanso chimene lilime silingachizindikire. Ku Nkhotakota kuli akasupe a madzi otentha monga a ku Maŵira, ndipo madzi a pansi pafupi ndi akasupe otere amakhala ndi mchere wa fluoride wochuluka. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mcherewu usapitirire miligalamu imodzi ndi theka pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ukachuluka umathimbiriritsa mano a ana, ndipo ukachulukitsitsa umaononga mafupa pakapita zaka. Kuŵiritsa madzi sikuuchotsa. Ngati ana obadwira m'mudzimo ali ndi mano a mathothomathotho ofiirira, wogula apemphe a ofesi ya za madzi kuti ayeze madzi a pamjigopo. Madzi a m'nyanja ndi a m'zitsime zosatetezedwa ayenera kuŵiritsidwa kapena kuthiridwa klorini nthaŵi zonse, ngakhale aoneke oyera chotani.

Udzudzu, Nkhono ndi Kashembe

Walira mvula walira matope. Wofuna kukhala ku nyanja adziŵe kuti malungo aliko chaka chonse. Nkhotakota ndi boma limene ntchito yopopera mankhwala ophera udzudzu m'nyumba idayambira mu 2007, chifukwa cha kuchuluka kwa matendaŵa. Komabe si malo onse amene ali ndi udzudzu wofanana. Udzudzu wa malungo umaswana m'madzi odikha: m'madambo, m'minda ya mpunga monga ya ku Bua, m'ngalande za minda ya mzimbe ku Dwangwa, ndi m'maenje otsala poumba njerwa. Suuluka mtunda wautali ngati wapeza anthu pafupi, kotero nyumba zoyamba kuchokera ku dambo ndizo zimalandira wochuluka. Nyumba ya pamalo okwera, popita mphepo, yotalikirako ndi madzi oima, imapeputsa vutoli. Wogula aone ngati mpata wa pakati pa khoma ndi denga ndi wotseka, pakuti udzudzu umaloŵera pamenepo, ndiponso ngati mazenera ali ndi sefa wa waya. Masikito afunika usiku uliwonse, nyumba ikhale pati kapena pati.

Likodzo limatengedwa m'madzi mmene muli nkhono zina zazing'ono zimene zimasunga tizilombo take. Nkhonozi zimakonda madzi odikha okhala ndi bango ndi udzu, monga m'mathamanda, m'ngalande ndi m'matsiriro a mitsinje, ngakhale zina zimapezekanso pa magombe a mchenga. Tizilomboti timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kuŵedza. Mwana sangaletsedwe kuseŵera m'madzi amene ali kuseri kwa nyumba ya kwawo. Motero wogula aone kumene ana a pamalopo amasamba, ndipo afunse aphunzitsi a pa sukulu yapafupi ngati ana okodza magazi ndi ambiri, ndi ngati mankhwala a praziquantel amafika pa sukulupo.

Kumadzulo kwa chigwachi kuli nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, yokula pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imene bungwe la African Parks lidayamba kuiyendetsa mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 adasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. M'nkhalangoyi muli ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa matenda a kaodzera, ndipo Nkhotakota ndi Rumphi ndiwo maboma amene matendaŵa amapezeka kwambiri m'dziko muno. Kaodzera amayamba ngati malungo, ndipo akapanda kuchizidwa amapha pa masabata kapena miyezi yoŵerengeka. Wogula malo kufupi ndi mpanda wa nkhalango afunse ngati kashembe amafika m'mudzimo, ndipo adziŵiretu kuti kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo kuyenera kukayezedwa msanga ku chipatala cha boma. Kufupi ndi matsiriro a mitsinje afunsenso za ng'ona ndi mvuu, makamaka pa madoko otungapo madzi.

Munthu amene amadziŵa zonsezi bwino ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Iye amayendera midzi, amaŵerenga zimbudzi ndi mijigo, amachititsa sikelo ya ana, ndipo amadziŵa mudzi umene kolera adafikamo ndi miyezi imene malungo amavuta. Sangatchule maina a odwala, koma angathe kufotokoza za mudzi wonse, ndipo salipiritsa.

Nyumba Yeniyeniyo

Malo akakhala abwino, ndi pamene nyumba iyenera kuyang'anidwa. Maziko akhale okwera kuposa bwalo, ndipo madzi a padenga akhale ndi kopita kutali ndi khoma. Mazenera otseguka akwane gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo ayang'anizane kuti mphepo idzidutsa, pakuti ku nyanja kumatentha ndipo chifuŵa chachikulu chimakonda zipinda zamdima zothinana. Khitchini likhale ndi potulukira utsi. Matabwa a denga agogodedwe ngati chiswe sichidawadye m'kati, ndipo aonedwe ngati adamangiriridwa ku khoma ndi waya kuti mphepo isasasule denga. Ming'alu ikuluikulu yochoka pa ngodya za zitseko ndi mazenera isanyozedwe. Chigwa cha nyanjayi chimagwedezeka ndi zivomezi: cha ku Salima, boma loyandikana nalo, cha mu Malichi 1989, chidapha anthu ndi kusiya zikwi zambiri alibe pogona.

Mwini Malo Ndani?

Nyumba yaukhondo imene ili pa mlandu siipatsa tulo. M'midzi yambiri ya Acheŵa malo ndi a mbumba, ndipo mkamwini amene adamangapo nyumba si ndiye mwini dothi. Wogula aonane ndi mwini mbumba, alongo ndi atsibweni a wogulitsa, nyakwaŵa ndi gulupu, onse masana ndi poyera, ndipo malire ayendedwe pamaso pa anansi. Ngati mwini nyumba adamwalira, afunse ngati mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana onse avomera, pakuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limawateteza.

Malamulo a za malo adasintha mu 2016 ndipo adakonzedwanso mu 2022. Adakhazikitsa makomiti a za malo m'midzi, adalola kulembetsa malo a makolo m'kaundula, ndiponso adaika malire pa kagulitsidwe kake. Kalata yokhala ndi chidindo cha mfumu payokha siikwanira. Wogula apite ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya Nkhotakota kukafunsa ngati malowo ndi a makolo, a boma kapena a lizi, ngati lamulo likulola kuwagulitsa, ndi ngati sadaperekedwe chikole ku banki. Nyumba ya m'mbali mwa M5 iyezedwe kuchokera pakati pa msewu, chifukwa mamita 30 a mbali iliyonse ndi a msewu, ndipo chomangidwa m'menemo chikhoza kugumulidwa.

Kufunsa Sikudula

Nzeru zonse zimene zatchulidwa pano zili pafupi. Nkhalamba ndi asodzi amadziŵa za nyanja. Amayi a pamjigo amadziŵa za madzi akumwa. Mlangizi wa zaumoyo ndi aphunzitsi amadziŵa za matenda. Mafumu ndi a ofesi ya za malo amadziŵa za umwini. Ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuli oyang'anira za ukhondo amene ntchito yawo ndi kulangiza za malo omangapo, zimbudzi ndi zitsime, ndipo n'kwabwino kuwaitana ndalama zisanaperekedwe kusiyana ndi kuwaitana mwana atadwala. Wogula asadalire mau a munthu mmodzi, makamaka amene akupindula ndi malondawo. Afunse funso lomwelo kwa anthu atatu osiyana, aone ngati mayankho akugwirizana.

Kufufuza kotere kumatenga masiku oŵerengeka ndi ndalama ya basi maulendo aŵiri. Nyumba yogulidwa mothamanga imatenga ndalama za moyo wonse wa ntchito, n'kumadyanso zina chaka ndi chaka pa zipatala, pa zimbudzi zogumuka ndi pa makoma onyowa. Pa gombe la Nkhotakota alipo malo okwera, ouma ndi a madzi abwino, pamene mabanja akhala mibadwo yambiri mwa mtendere. Amawapeza ndi munthu amene wadikira mvula, wayenda wapansi ndi kufunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.